Mmene mungaphunzirire ku seminale ngati womvera chabe, popanda digiri kapena mayeso

Akulu a mpingo, akatekisiti, aphunzitsi a Sande sukulu ndi amayi otsogolera Mvano kapena Chigwirizano ambiri amafuna kudziwa Malemba mozama, koma alibe cholinga cha ubusa ndipo sangasiye ntchito ndi banja kwa zaka zitatu kapena zinayi za digiri. Kwa anthu otere njira ilipo: kulowa m'kalasi ngati womvera chabe. Ku ofesi za sukulu amati audit, ndipo mawu amenewa ndi amene muzikatchula pofunsa. Mumakhala limodzi ndi ophunzira ena n'kumva zonse, koma simulemba mayeso, simupatsidwa malikesi, ndipo kosiyo siwerengedwa pa digiri iliyonse.

Anthu amagwa pawiri. Poyamba amagwa pakhomo, chifukwa amangogwirizana ndi mphunzitsi pakamwa, ofesi osadziwa kanthu. Kenako amagwa cha m'sabata yachisanu kapena yachisanu ndi chimodzi: popeza palibe mayeso owaopsa, amasiya kuwerenga, kenako amasiya kubwera. Masitepe ali m'munsiwa akulimbana ndi mavuto awiriwa.

ZOFUNIKA MUSANAYAMBE

• Baibulo la Chichewa limene mumagwiritsa ntchito kumpingo kwanu, kaya Buku Lopatulika, Buku Loyera kapena Malembo Oyera, ndi lina la Chingerezi. Funsani mphunzitsi kuti ndi Baibulo liti limene amawerenga m'kalasi.
• Kope limodzi lalikulu la chikuto cholimba pa kosi iliyonse. Musasakanize makosi awiri m'kope limodzi.
• Dikishonale ya Chingerezi, ya pepala kapena ya pafoni yogwira ntchito popanda intaneti.
• Fotokope ya chiphaso cha unzika ndi ya satifiketi ya MSCE ngati muli nayo. Si sukulu zonse zimene zimaifuna kwa womvera chabe, koma kuinyamula kumapewetsa ulendo wachiwiri.
• Kalata yochokera kwa abusa, bambo mfumu kapena bwalo la mpingo wanu.
• Ndalama za fizi, za thiransipoti ya semesita yonse, ndi zapadera za fotokope.
• Foni yokhala ndi WhatsApp ndi imelo yogwira ntchito. Ngati muziphunzira pa intaneti, onjezani memori khadi, mahedifoni ndi pawabanki.
• Maola osachepera asanu ndi limodzi pa sabata amene palibe wina akuwadalira.

1. DZIWANI CHIMENE MUKUPEMPHA

Pali njira zitatu zimene anthu amazisokoneza, ndipo mtengo wake ndi zotsatira zake n'zosiyana.

Yoyamba ndi ya womvera chabe, imene tafotokoza kale. Yachiwiri ndi yotenga kosi imodzi mokwanira: mumalemba ma asayimenti ndi mayeso, mumapeza malikesi, koma simunalembetse digiri. Ku yunivesite ya UNISA, ku South Africa, njira imeneyi amaitchula kuti non-degree purposes, ndipo sukulu zina zimati occasional student. Yachitatu ndi maphunziro afupiafupi okonzedwera akhristu wamba, onga amene amachitikira ku Chongoni m'boma la Dedza kapena ku Chilema, ku Malosa.

Dzifunseni moona mtima: kodi zaka zisanu zikubwerazi ndingadzafune dipuloma kapena digiri? Ngati yankho ndi "mwina", sankhani njira yachiwiri ngakhale ndi yodula. Sukulu zambiri sizilola kusintha audit kukhala kosi ya malikesi ikadutsa nthawi yolembetsa, imene nthawi zambiri imakhala sabata imodzi kapena ziwiri zoyambirira. Mukadzafuna malikesi pambuyo pake mudzabwereza kosi yonse n'kulipiranso.

Chenjezo kwa amene ali kunja: kumvera chabe sikukupangani wophunzira pamaso pa a zolowa ndi kutuluka. Ku America, mwachitsanzo, makosi a audit sawerengedwa pa maola amene wophunzira wa visa ya sukulu ayenera kukwaniritsa.

2. SANKHANI KOSI IMODZI YOKHA, YOGWIRIZANA NDI NTCHITO YANU

Lembani chiganizo chimodzi chofotokoza vuto limene mukufuna kuthetsa. "Ndikufuna kudziwa zambiri za Mulungu" sichikuthandizani kusankha. "Ndikapatsidwa ndime ya aneneri kuti ndilalikire sindidziwa poyambira" chikukulozerani ku kosi ya Chipangano Chakale kapena ya kamasuliridwe ka Malemba. "Ndimayendera odwala ndi ofedwa koma mawu amandithera" chikukulozerani ku kosi ya chisamaliro cha ubusa. "Achinyamata amandifunsa chifukwa chake mipingo inagawikana" chikukulozerani ku mbiri ya mpingo.

Kwa woyamba, makosi abwino ndi a chaka choyamba amene dzina lake limayamba ndi Introduction kapena Survey. Makosi a chaka chachitatu amatenga kuti munaphunzira kale zoyambirira, ndipo mphunzitsi sangabwerere m'mbuyo chifukwa cha inu.

Pali makosi amene sayenera kumvera chabe. Chigiriki ndi Chiheberi n'zoyamba. Zilembo zokha, 24 za Chigiriki ndi 22 za Chiheberi, mungaziloweze m'sabata imodzi, koma pambuyo pake chilankhulo chimalowa ndi timayeso ta tsiku ndi tsiku ndi munthu wokonza zolakwa zanu. Womvera chabe sapeza ziwirizi, ndipo pofika pa verebu amakhala atatayika. Ngati mukufunadi zilankhulozi, zitengeni mokwanira. Kosi ya luso la kulalikira nayonso phindu lake lili pa kuimirira kutsogolo, kulalikira, anzanu n'kukuuzani pamene mwaphonya. Sukulu zambiri sizilola n'komwe omvera chabe m'makosi otere.

3. PEZANI SUKULU, NDIPO FUNSANI KU OFESI YOYENERA

Ku Zomba kuli sukulu ya ubusa imene anthu ambiri amaidziwabe kuti Zomba Theological College, yomwe inatsegulidwa mu 1977, kuli Leonard Kamungu Theological College ya Anglican, komanso TEEM, bungwe limene limaphunzitsa munthu ali kwawo kudzera m'mabuku ndi timagulu tokumana. Ku Nkhoma kuli Josophat Mwale Theological Institute. Ku Lilongwe kuli African Bible College ndi seminale ya Baptist, ku Blantyre kuli Evangelical Bible College of Malawi, kumpoto kuli University of Livingstonia ku Ekwendeni, ndipo ku Lusaka kuli Justo Mwale University. Sukulu iliyonse ili ndi malamulo akeake pa nkhani ya omvera chabe, ndipo malamulowo amasintha, choncho musadalire zimene mnzanu anachita zaka zapitazo.

Maseminale akuluakulu a Katolika, St Peter's ku Zomba ndi Kachebere ku Mchinji, ntchito yawo ndi kuphunzitsa ofuna unsembe. Mkhristu wamba ayambe wakambirana ndi bambo mfumu wa parishi yake, amene angamulozere ku maphunziro a dayosizi.

Munthu woyenera kufunsa ndi Registrar, mkulu woona za kulembetsa ophunzira, kapena Academic Dean, mkulu woona za maphunziro, ngati sukuluyo ndi yaing'ono. Safunsa anadya phula, ndiye pitani ndi mafunso awa olembedwa papepala, ndipo lembani mayankho pomwepo:

• Kodi mumalola audit? Pa makosi ati?
• Fizi ndi zingati pa kosi imodzi, ndipo pali ndalama zina zolembetsera, za laibulale kapena za chiphaso cha sukulu?
• Ndingabwereke mabuku, kapena ndiziwerengera momwemo basi?
• Kodi ndiikidwa pa gulu la WhatsApp la kalasi, kapena pa tsamba la intaneti limene amaikapo manotsi?
• Ndikamaliza mudzandipatsa kalata? Ndiyenera kupezeka kangati kuti ndiilandire?
• Tsiku lomaliza losinthira kuchoka pa audit kupita pa kosi ya malikesi ndi liti?
• Ndikasiyira panjira, ndalama zimabwezedwa?

Funso la manotsi ndi limene ambiri amaiwala. Aphunzitsi ambiri masiku ano amatumiza zowerenga ndi kusintha kwa nthawi pa foni. Womvera amene sali pa gulu amafika n'kupeza kalasi inasamutsidwa, atawononga kale ya minibasi.

4. LEMBANI KALATA YAIFUPI, NDIPO PEZANI YANKHO LOLEMBEDWA

Kalata isapitirire theka la tsamba. Ilembeni m'Chingerezi ngati sukuluyo imaphunzitsa m'Chingerezi, chifukwa owerenga akufunanso kuona ngati mudzatha kutsatira. Muikemo zinthu zisanu: dzina lanu ndi mpingo wanu, udindo umene muli nawo, dzina lenileni la kosi ndi nambala yake, chifukwa chimene mukuifunira m'chiganizo chimodzi, ndi mawu omveka akuti simukufuna malikesi kapena digiri. Phatikizani kalata ya abusa.

Mbiri ya kutembenuka mtima kwanu ndi yamtengo wapatali, koma malo ake si m'kalatayi.

Ofesi ikavomera, kaonaneni ndi mphunzitsi mwini kosi musanalipire. M'sukulu zambiri iye ndi amene ali ndi mawu omaliza, makamaka ngati chipinda chadzaza. Mufunseni zinthu zitatu: ngati amalola omvera kufunsa mafunso, ngati mulowe nawo m'timagulu tokambirana, ndi ngati angalole kuona kanthu kamodzi kamene mungalembe. Akakana chachitatuchi musakhumudwe. Ali ndi mapepala ambiri a amene akulemba mayeso.

Lipirani ku akaunti ya sukulu kapena ku ofesi ya ndalama, ndipo tengani lisiti. Kaya mwalipira kubanki, pa Airtel Money kapena pa Mpamba, sungani uthengawo ndipo kaupititseni kuti akupatseni lisiti la sukulu. Musapereke ndalama m'manja mwa mphunzitsi kapena wophunzira wina woti "ndikakuperekerani". Mgwirizano wapakamwa umatha tsiku limene mphunzitsiyo wasamuka, ndipo mumatsala opanda umboni woti munakhalapo m'kalasimo.

5. WERENGANI SILABASI NDI KALENDALA PAMBALI

Apa ndi pamene womvera wopirira amasiyana ndi wosiyira panjira. Pemphani silabasi semesita isanayambe. Kosi wamba imatenga masabata 14 kapena 15, maola atatu a m'kalasi pa sabata. Lamulo lodziwika m'sukulu zaukachenjede ndi lakuti ola lililonse la m'kalasi limafuna maola awiri owerenga panokha. Inu simukulemba mapepala, ndiye mungachepetse, koma musatsike pa ola limodzi pa ola lililonse. Ndiye kuti maola asanu ndi limodzi pa sabata, osawerengera ulendo.

Kenako dziyeseni liwiro. Tengani buku lalikulu la kosiyo, werengani masamba 10 mukulemba mawu ovuta, ndipo onani nthawi imene yadutsa. Tiyerekeze kuti mwatenga ola limodzi, ndipo silabasi ikufuna masamba 560 m'masabata 14. Amenewo ndi masamba 40 pa sabata, maola anayi. Ngati muli ndi maola atatu okha, pitani kwa mphunzitsi ndi funso lachindunji: "Pa masamba a sabata iliyonse, ndi ati amene sindiyenera kuwaphonya?" Aphunzitsi amayankha funso lotere mosangalala. Chongani masambawo ndi pensulo pa silabasi.

Tsopano ikani kalendala pambali. Chongani masabata amene mukudziwa kale kuti adzavuta: kupalira ndi kuthira feteleza mu Disembala ndi Januwale, kukolola, sabata ya Pasaka, misonkhano ya mpingo, kutha kwa mwezi kuntchito. Ngati masabata otere apitirira atatu pa 14, dikirani semesita ina. Maliro simungawachonge pa kalendala, ndipo mkulu wa mpingo ndiye woyamba kuitanidwa. Gwirizanani ndi mkulu mnzanu kuti tsiku la kalasi iye ndiye aziyamba kupita, inu muzimubwezera masiku ena. Uzani abusa za mgwirizanowu kuti pasadzakhale kulankhulana.

Nthawi yowerenga ikhale ndi tsiku ndi ola, monga Lachiwiri ndi Lachinayi 5 koloko m'mawa mpaka 6:30. "Ndiziwerenga ndikapeza mpata" ndi chiyambi cha kusiya.

6. KHALANI M'KALASI NGATI MLENDO WOLANDIRIDWA

Tsiku loyamba fikani msanga, dzidziwitseni kwa mtsogoleri wa kalasi, ndipo onetsetsani kuti dzina lanu lili pa pepala losainira. Ngati palibe, pemphani kuti aliwonjezere. Pepala limeneli ndi limene lidzakupezetseni kalata pamapeto.

Anzanu a m'kalasi akulemba mayeso, ndipo ena tsogolo lawo la ubusa likudalira malikesi amenewo. Nthawi ya mafunso ndi yawo poyamba. Funso limodzi pa kalasi n'lokwanira, ndipo likhale funso lenileni. Vuto lofala kwa akuluakulu odziwa zambiri ndi lakuti amakweza dzanja n'kuyamba kulalikira mphindi zisanu. Mwina ndinu wamkulu kuposa mphunzitsi, mwina mwatumikira zaka zambiri kuposa onse m'chipindamo. Zimene mwaona mu utumiki n'zothandiza kwambiri, ndipo mphunzitsi wanzeru adzakufunsani yekha nthawi ikakwana. Mafunso otsala alembeni m'kope, mukawafunse potuluka.

Ngati sukuluyo ndi ya mpingo wosiyana ndi wanu, mudzamva ziphunzitso zosiyana pa ubatizo wa ana, pa Mgonero, pa mphatso za Mzimu, pa kudzoza amayi. Lembani bwinobwino chimene akuphunzitsa ndi mavesi amene akuimirapo, mpaka mufike potha kuchifotokoza moti iwo eni avomere kuti mwachimvetsa. Kutsutsana kudzabwera pambuyo, ndipo kudzakhala kwanzeru.

Musajambule mawu kapena zithunzi popanda chilolezo, ndipo musatumize manotsi a mphunzitsi ku magulu a kumpingo kwanu asanavomere. Pa ntchito za m'magulu zimene amapatsa malikesi, funsani kaye. Mukalowa n'kudzajomba, mugwetsa anzanu.

7. LEMBANI MANOTSI MWANJIRA YOTI MUDZAPHUNZITSE NAWO

Tsegulani kope pamasamba awiri oyang'anizana. Tsamba lakumanja ndi la zimene mphunzitsi akunena: pamwamba tsiku ndi mutu, m'munsi mfundo ndi mavesi. Tsamba lakumanzere lisiyeni lopanda kanthu mpaka mutafika kunyumba. Pasanathe maola 24, tsekani tsamba lakumanja ndi pepala, ndipo kumanzereko lembani zinthu zitatu: mizere isanu ya Chichewa yofotokoza phunzirolo, mawu atsopano ndi matanthauzo ake, ndi funso limodzi limene latsala.

Mizere ya Chichewayo ndiyo mayeso anu a sabata ndi sabata. N'kosavuta kukopera liwu lakuti justification n'kumadziona ngati mwamva. Koma mukayesa kulemba kuti Mulungu amamuyesa wochimwa wolungama chifukwa cha Khristu, n'kusiyanitsa ndi kuyeretsedwa kumene kumapitirira moyo wonse, pamenepo mudzadziwa ngati mwamvadi. Mukakanika, tsegulani Aroma 3 mpaka 6 m'Baibulo la Chichewa, muone mawu amene omasulira anagwiritsa ntchito. Kumpingo mudzaphunzitsa m'Chichewa, ndiye ntchito yosandutsayi iyambe pano.

Masamba 10 omaliza a kope akhale a mawu ovuta okhaokha, mondandalika. Pofika pakati pa semesita mudzaona kuti mawu omwewo akubwerabwera, ndipo kuwerenga kwayamba kufulumira.

8. DZIPATSENI MAYESO, NDIPO PEZANI WOKUFUNSANI

Sukulu sikufunsani kanthu, choncho pezani munthu woti azikufunsani. Akhoza kukhala abusa, mkulu mnzanu, mkazi kapena mwamuna wanu. Sabata iliyonse muzimufotokozera phunzirolo kwa mphindi 10, kope lili chitsekere. Omvera awiri ochokera mpingo umodzi amapirira kuposa mmodzi, ndipo amagawana ndalama za fotokope.

Kawiri pa semesita, m'sabata ya 7 ndi ya 14, lembani kanthu. Ku laibulale kafunseni ngati amasunga mafunso a mayeso a zaka zapitazo. Sankhani funso limodzi, tsekani mabuku, dzipatseni mphindi 45, lembani masamba awiri. Kenako tsegulani manotsi n'kuchonga ndi cholembera chofiira zimene munasiya. Ngati mafunso akale palibe, sandutsani mitu ya silabasi kukhala mafunso.

Chomaliza chikhale chinthu chimene mpingo wanu ungagwiritse ntchito: maphunziro anayi a kalasi ya ofuna ubatizo, ndondomeko ya maulaliki atatu a m'buku la Amosi, kapena tsamba limodzi la malangizo kwa oyendera odwala. Chiperekeni kwa abusa achione chisanafike kwa anthu.

9. NGATI SUKULU ILI KUTALI: KUMVERA PA INTANETI

Pali maphunziro a mlingo wa seminale aulere. BiblicalTraining ili ndi makalasi ojambulidwa a aphunzitsi a maseminale a chievanjeliko. Thirdmill ili ndi maphunziro a kanema ndi a mawu okha, pamodzi ndi zolembedwa zake, ndipo imatsatira chiphunzitso cha Reformed, chonga cha mipingo ya Chipresibateriya. Reformed Theological Seminary inaika makalasi ake ambiri pa apu yaulere. Open Yale Courses ili ndi kosi ya Chipangano Chakale ya Christine Hayes, magawo 24, ndi ya Chipangano Chatsopano ya Dale Martin, magawo 26. Dziwani kuti makosi a Yale ndi a yunivesite, amasanthula Baibulo ngati zolembedwa za m'mbiri ndipo saimira chikhulupiriro cha mpingo uliwonse. Ndi othandiza kwa amene wazika kale mizu, koma sindingalangize munthu kuyambira pamenepo ali yekha. Pofufuza mawu a Chigiriki ndi Chiheberi popanda kudziwa zilankhulozi, STEP Bible, imene inayambira ku Tyndale House, Cambridge, ndi yaulere.

Tsitsani mawu okha, osati kanema. Ola limodzi la mawu a MP3 pa 64 kbps limadya pafupifupi 29 MB, ndiye kosi ya maola 20 ikukwana pansi pa 600 MB. Kanema amadya kangapo kuposa pamenepo, ndipo nthawi zambiri mumangoona munthu ataimirira akulankhula. Tsitsani kosi yonse nthawi imodzi pamene mwapeza Wi-Fi kapena bandulo yotchipa, sungani pa memori khadi, ndipo tsitsaninso zolembedwa ngati zilipo. Chingerezi cha ku America chikathamanga, chepetsani liwiro pa 0.75 n'kumatsatira ndi zolembedwazo.

Magawo awiri pa sabata n'ngokwanira. Mvetserani mutakhala pansi, kope lili potsegula, ngati muli m'kalasi. Kumvera mukuphika kapena muli pa minibasi kukhale kubwereza gawo limene munalimva kale. Ndipo kumbukirani kuti aphunzitsiwa akulankhula ndi ophunzira a kwawo. Nkhani za ufiti, mitala, chinamwali, miyambo ya maliro kapena kulowa kufa sadzazikhudza. Pa zimenezi funani mabuku olembedwa kuno, monga a Kachere ku Zomba ndi a Mzuni Press, komanso Africa Bible Commentary, imene inatuluka mu 2006 yolembedwa ndi akatswiri a mu Africa.

10. TSEKANI SEMESITA BWINO

Sabata yomaliza isanafike, kumbutsani ofesi za kalata. Ikhale ndi dzina lanu, dzina la kosi, masiku, mawu akuti munali womvera chabe, siginecha ndi chidindo. Sukulu zina zimalemba AU pa chikalata cha zotsatira m'malo mwa malikesi. Bwezani mabuku a laibulale, thokozani mphunzitsi, ndipo mufunseni kuti kosi yotsatira yoyenera ndi iti. Sungani silabasi, lisiti ndi kalata m'fayilo imodzi.

ZOLAKWA ZOFALA

Kunyamula za m'kalasi n'kupita nazo pa gome Lamulungu lotsatira. Ichi ndi cholakwa chachikulu kuposa zonse, chifukwa chimavulaza anthu ena. M'kalasi ya Chipangano Chatsopano mudzamva kuti Marko 16:9-20 mulibe m'mipukutu iwiri yakale kwambiri, Sinaiticus ndi Vaticanus, ndipo nkhani ya mayi wogwidwa m'chigololo pa Yohane 7:53-8:11 sipezekanso m'mipukutu yoyambirira. Mudzamva mitsutso ya amene analemba Aheberi, kapena ngati buku la Yesaya linalembedwa ndi munthu mmodzi. Zimenezi zili ndi mayankho ake, ndipo mphunzitsi amatenga masabata kuzifotokoza. Mkulu amene wazimva Lachitatu n'kuzitula kwa agogo ndi ana Lamulungu, m'mphindi ziwiri, amasiya anthu akuganiza kuti Baibulo n'losadalirika. Dikirani semesita ithe, kambiranani ndi abusa, ndipo ngati n'koyenera kuphunzitsa, kuchitike m'kalasi mmene anthu angafunse mafunso.

Kuyamba kukonza abusa pagulu. Kosi imodzi imakupatsani kachigawo kakang'ono ka zimene iwo anaphunzira zaka zingapo. Mukamva chosiyana ndi zimene munaphunzira, pitani nacho kwa iwo panokha ngati funso.

Kulemba pa CV kapena pa chikwangwani cha msonkhano ngati kuti munamaliza sukuluyo. Lembani zoona: dzina la kosi, sukulu, chaka, ndi liwu lakuti audit. Kumvera sikukupatsani dzina la ubusa. Kudzoza ndi ntchito ya mpingo ndi malamulo ake, ndipo sinodi kapena dayosizi imafunsa ku sukulu.

Kulembetsa makosi atatu chifukwa fizi ya audit ndi yotsika. Mtengo waukulu ndi nthawi: makosi atatu ndi maola 18 pa sabata. Malizani imodzi kaye.

Kujomba kawiri n'kuchita manyazi kubwerera. Mukaphonya kalasi, bwerekani kope la mnzanu tsiku lomwelo kapena mawa lake, koperani ndi dzanja, lembani mizere yanu isanu, ndipo kalasi yotsatira mukapezeke ngakhale simunamalize kuwerenga.

Kugula mabuku onse a pa silabasi semesita isanayambe. Ambiri mudzawerengamo mutu umodzi wokha. Gulani buku limodzi limene mphunzitsi wanena kuti ndilo msana wa kosi, ena muziwerengera ku laibulale.

Kukopeka ndi mapepala ogulitsidwa. Pali anthu amene amachititsa msonkhano wa masiku atatu n'kupereka "dipuloma" kapena dzina la udokotala kwa amene walipira. Ngati tsiku lina mudzafune pepala lenileni, onani kaye ngati sukuluyo ndi pulogalamu yake zili pa mndandanda wa National Council for Higher Education, ndipo funsani ku likulu la mpingo wanu ngati amazivomereza musanapereke ndalama iliyonse.